Lipoti la Ulendo Wathu Wokwera Sapitwa

Monga tinagwirizana pamsonkhano wapitawu, ndikupereka lipoti la ulendo wathu wokwera Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yotalika mamita 3,002, yomwe ilibe inzake m'Malawi muno.

Tinanyamukira ku Likhubula m'mamawa pamodzi ndi otilondolera njira ndi anyamata onyamula katundu, ndipo tinafika pakanyumba ka Chisepo dzuwa likulowa. Kumeneko amayi athu osamala zakudya anatereka nyemba, koma zinawira mpaka usiku osapsa, mwakuti ena anayamba kunena kuti agula nyemba zogonera. Aphunzitsi athu a sayansi ndiwo anawapulumutsa pofotokoza kuti pamalo okwera chotero madzi amawira asanatenthe mokwanira, choncho chakudya chimachedwa kupsa. Tinadyera usipa, ndipo nyembazo tinazidya mawa lake.

Nkhani yaikulu inabuka m'bandakucha, pamene tinadzuka n'kupeza chiperoni chitakuta phiri lonse, moti munthu woima pakhonde sankaona ngakhale mulu wa nkhuni. Apampando ankafuna kuti tinyamuke basi, ndipo Asungichuma anawavomereza powerengera kuti kugonanso kukutanthauza kuwonjezera malipiro a onyamula katundu. Otilondolera anakana mwaulemu koma mosagwedezeka, akuti matanthwe a njira ya Sapitwa akanyowa amaterera kwambiri ndipo m'nkhungu zizindikiro za utoto zapamiyala sizioneka. Mawu anakwera, ena anayamba kumanga nsapato, mpaka Agogo athu, omwe anali chete akuwotha moto, anatikumbutsa kuti phirili linasowetsapo alendo ena amene anapita okha. Kunena zoona, otilondolerawo ndiwo anali ndi nzeru, ndipo ndikuyamikira Apampando kuti anabweza maganizo awo pamaso pa tonse.

Podikira kuti kuyere tinachita phunziro lathu. Tinamva kuti phirili linapangika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo kuchokera ku mwala wosungunuka umene unauma pansi pa nthaka, kenaka n'kuonekera dothi lozungulira litakokoloka. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Lichenya imachokera momwemo. Boma linaliteteza ngati nkhalango mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO, loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe pansi pa United Nations, linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Chomvetsa chisoni ndi mkungudza, mtengo wa fuko lathu, womwe mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali: m'njira tinaona zitsa zambiri zakuda ndi moto kuposa mitengo yamoyo.

Tsiku lotsatira kunacha bwino. Chitunda chake ndi cha manja ndi mawondo, pena kukwawa pansi pa miyala ikuluikulu, pena kudutsa m'timitengo tatifupi tokutidwa ndi ndere. Mbira zinkatiyang'ana zili pamatanthwe. Pamwamba mphepo inali yolasa m'mafupa, koma minda ya tiyi ndi mapiri a ku Mozambique zinkaoneka bwinobwino, ndipo Achemwali athu a kwaya, omwe analumbira kuti abwerera panjira, ndiwo anayambitsa nyimbo ya fuko.

Tikuthokoza otilondolera, anyamata onyamula katundu, alonda a pa Chisepo amene sanalole moto kuzima, amayi a zakudya, ndi nonse amene munasonkha koma simunathe kupita. Asungichuma adzafotokoza za ndalama za usiku wowonjezerawo pamsonkhano ukubwerawu, pomwe tidzakambiranenso zopitanso kukabzala mbande za mkungudza nyengo ya mvula.