Mwala uli phee, koma mphamvu zilimo

Dzulo mphwanga wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi ½mv² ndi E=mc² n'chimodzimodzi?" Funsoli linandisangalatsa zedi.

Tengani mwala wa kilogalamu imodzi. Mukauponya pa liwiro la mamita 10 pa sekondi, uli ndi mphamvu yokwana ma joule 50. Imeneyo ndiyo kinetic energy, mphamvu yobwera chifukwa choyenda, ija ya ½mv²: ka m ndi kulemera, ka v ndi liwiro. Ukagwa n'kuima, yasanduka kutentha ndi phokoso.

Zomwe Albert Einstein analemba mu 1905 n'zina: mwalawo ngakhale uli phee, kulemera kwake komweko ndi mphamvu. Mu E=mc², E ndi mphamvu, ndipo ka c ndi liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Galamu imodzi yokha ikufanana ndi mayunitsi a magetsi 25 miliyoni! Dzuwa limawala motero, likupepuka ndi matani oposa 4 miliyoni sekondi iliyonse.