Pakamwa pa Agogo patheka: pulasitiki imafuna ulusi

Chidole chovala kudzanja cha agogo aakazi chimene ndikupanga tsopano chikutseka pakamwa bwinobwino, popanda mpata m'mbali, ndipo mutu sukugwera chagada ukamachiyankhulitsa. Madzulo ano ndachivala, ndaima nacho pagalasi, ndachiwerengetsa manambala, ndachiseketsa, ndachiyasamulitsa mpaka mkono kuchita kulema, koma m'katimo palibe chamatuka. Anzanga amene mwakhala mukufunsa za mouthplate ya pulasitiki, zidutswa zolimba za m'kamwa mwa chidole zimene zala zimagwira potsegula ndi kutseka pakamwa, nkhani yake nayi.

Oda imeneyi ndi ya mayi wina wophunzitsa Sande sukulu kuno ku Lilongwe. Akufuna agogo osimbira ana nkhani: duku kumutu, mandala pamphuno, chitenje, ndi dzanja limodzi loyendetsa ndi ndodo. Anabwera ndi chidole chawo chakale mu jumbo kuti ndione vuto lake. Kunja chinali chikadali chabwino, koma nditapisa dzanja ndinapeza katoni ya m'kamwa itafewa, itapindika pakati, ikununkha chinyontho. "Asisi," anatero, "kukatentha ngati mu Okutobala ndimangofika pakati pa nkhani, pakamwa n'kuyamba kukana." Ndi thukuta limenelo. Dzanja likakhala m'siponji kwa theka la ola limanyowa, ndipo katoni, ngakhale muikulunge ndi tepi, imamwabe pang'onopang'ono kudzera m'mphepete.

Ndiye ndinati ulendo uno ndidula chigubu. Ndinatenga cha malita 5, zija zosaonekera m'kati, n'kuchitsuka ndi madzi otentha ndi sopo waufa mpaka mafuta onse atachoka, kenaka n'kudula mbali ziwiri zafulati. Kulimba kwake n'koyenera ndithu: imapindika pang'ono ukafinya, n'kubwerera yokha, ndipo madzi alibe nayo ntchito. Vuto linayamba pomata. Guluu wa osoka nsapato, amene amagwira siponji mpaka kung'ambika pena osati pomatapo, pa pulasitiki iyi anangouma pamwamba. M'mawa mwake ndinangokoka ndi chikhadabo, yense n'kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Ndinapala ndi sandipepa, ndinapaka mbali zonse ziwiri, ndinadikira kuti asiye kumata chala ndisanaphatikize, monga timachitira nthawi zonse. Zinagwirako, koma pongotsegula ndi kutseka kangapo, kona ya kumbuyo inayamba kudzuka. Super glue anaumitsa nsalu gwa, n'kuthetheka popinda. Guluu wosungunula ndi kamfuti kotentha anachoka wathunthu, osasiya ndi chizindikiro chomwe.

Tembenuzani chigubu muone kunsi kwake. Zambiri zili ndi nambala 2 m'kati mwa katrayango, ndi zilembo HDPE. Imeneyi ndi polyethylene, pulasitiki yoterera mwachibadwa, imene guluu wamba sailowerera. N'chifukwa chake botolo la guluu weniweniyo nthawi zambiri limakhala la pulasitiki ya mtundu womwewu, ndipo chotsekera chake chimatseguka. Choncho si kuti guluu wa kumsika ndi wachabe. Mungasinthe mitundu mpaka ndalama kutha, zotsatira zake n'zomwezo.

Nzeru ndinaitola kwa bambo amene ndimagulako guluuyo. Ndinaima kuwaonerera akukonza nsapato ya mwana wasukulu: amata soli, aimenya ndi hamala, kenaka atenga singano yawo ya ngowe n'kuyamba kusoka kuzungulira. Ndinawafunsa chifukwa chosokeranso chinthu chomata kale. Iwo anati guluu ndi wongogwirizira kuti zisasunthe, mwini ntchito ndi ulusi. Ndinagula ulusi wawo wa nayiloni pomwepo.

Mmene ndapangira ndi motere. Ndatenthetsa msomali pambaula, n'kuugwira ndi pulayala, n'kuboola mabowo kuzungulira zidutswa zonse ziwiri, motalikirana sentimita imodzi, mamilimita 5 kuchokera m'mphepete. Izi chitirani panja, utsi wake si wabwino. Timilomo totsala pa mabowo ndatipala ndi lezala kuti tisadye ulusi. Kenaka ndadula nsalu ya jinzi yakale, zidutswa ziwiri zazitali zokwana kamwa lonse, china pamwamba china pansi, pulasitiki pakati, n'kusoka modutsa m'mabowo muja. Tsopano nsalu yofiira ya felt ya m'kamwa, lilime, ndi siponji ya mutu zonse zikumatidwa pa jinzi, osati pa pulasitiki, ndipo guluu pa jinzi sachoka. Jinzi yomweyo ndiyonso hinji.

Pa hinjipo ndi pamene ndikufuna muchenjere. Pakati pa chidutswa cha m'mwamba ndi cha m'munsi pamafunika mpata. Mukazigundanitsa, nsalu imasowa popindikira ndipo chidole chimakhala chili yasa, milomo osakumana. Mukautalikitsa, nsagwada ya m'munsi imayendera m'mbali, nkhope n'kuoneka yopotoka. Kwa ine mamilimita 6 akwanira, poti jinzi yake ndi yokhuthala ndiponso pali felt. Ndinayesera kaye ndi mapini ndisanasoke, ndipo inunso yesani ndi nsalu yanuyo, musangotenga nambala yangayi.

Chinanso ndi dzanja la mwini chidole. Mayiwa ali ndi chikhatho chaching'ono, ndiye ndinawajambula dzanja papepala ndi pensulo asanapite. Pamwamba ndasokerapo lamba wa chubu cha njinga wogwira zala zinayi, pansi kathumba ka siponji ka chala chachikulu, ndipo ndakasendeza kufupi ndi hinji kusiyana ndi mmene ndimaikira pa dzanja langa. Mukudziwa kuti poyankhula chimene chimayenera kutsika ndi chala chachikulu, mutu uzikhala phee. Zala za pamwamba zikamasewera m'kati, munthu amayamba kukankha mutu m'mwamba kuti pakamwa patseguke, maso a chidole n'kumayang'ana kudenga pa liwu lililonse. Ana amaona zimenezo msanga, ndipo chidole chikasiya kuwayang'ana nawonso amasiya kumvetsera. Kwa ine, kasitomala amene sanayezedwe dzanja ndiye kuti oda yake sinayambe.

Khungu la agogowa nalo lili ndi nkhani yake. Fleece, nsalu yofewa yaubweya ija ya majekete, ya bulawuni woyenera khungu lathu ndi yosowa. Yofiira, yabuluu ndi ya pinki ili mbwee, koma bulawuni umachita kusaka. Kunyika sikuthandiza, chifukwa fleece ya kaunjika ndi polyester ndipo utoto wamba wa m'mapaketi umangoitsuka osalowa. Iyi ndinaipeza pa msika wa Tsoka, jekete lalikulu lachimuna, kwa mayi wina amene amandisungira chilichonse chabulawuni akamasula belo. Msana wa jeketelo wakwana mutu ndi khosi, mikono yake yatuluka manja. Ena amachita manyazi kuuza kasitomala kuti nsalu ndi ya kaunjika, ine ndimanena poyera. Jim Henson, katswiri wa zidole wa ku America, anasoka Kermit woyamba, chidole chake chotchuka cha chule, mu 1955 ndi chikhoti chakale cha mayi ake, maso ake n'kudula pakati kampira ka ping-pong. Chofunika ndi kuchapa bwino ndi kusankha yosathothoka.

Siponji ndimatenga kwa okonza masofa ku Mchesi, ya theka la inchi, ndipo zodukaduka zawo amandipatsa motchipa. Ya matiresi ndinaisiya kalekale, poti kuilenga ndi mpeni kuti ipyapyale mofanana ndi ntchito yosatha. Chaka chatha, popangira gulu lina la zisudzo chidole cha fisi, ndinagwiritsa siponji ya inchi yathunthu chifukwa ankafuna mutu waukulu wooneka patali pabwalo. Unaonekadi, koma mnyamata wochiseweretsa ankapumitsa mkono pafupipafupi, mpaka ndinachita kuboola mabowo kumbuyo kwa mutu, pansi pa ubweya, kuti upepuke komanso mpweya uzilowa. Kwa agogowa ndabooleratu, duku lidzabisa.

Msoko wa pakati pa nkhope ndasoka pamanja ndi ladder stitch, timisoko tating'onoting'ono, kenaka n'kutukula ubweya ndi nsonga ya singano mpaka mzere kuzimiririka. Zimadya nthawi, koma makina amasiya mzere woonekera kuyambira pamphumi mpaka pamphuno. Maso ndadula masipuni oyera apulasitiki, zikope ndi fleece yomweyo yoderako, zogwera pang'ono kuti aoneke achikulire odekha. Timaso takuda sindinamate. Ndatigwiriza ndi tepi ndipo ndikumatisuntha tsiku ndi tsiku. Don Sahlin, amene ankapangira Henson zidole, ankasamala kwambiri za mmene maso, mphuno ndi pakamwa zimakhalirana, chija amati magic triangle, ndipo ndaona kuti n'zoona: timaso tikayandikira pang'ono kumphuno chidole chimakuyang'ana, tikakhala pakatikati chimangoti tong'o. Mandala a waya ndikawaika ndiye zisinthanso, choncho ndidikira.

Zatsala ndi manja, waya wa m'zala, ndi ndodo. Ndili ndi masipoko a njinga yamoto amene ndikufuna kuyesa, poti a njinga yakapalasa amagwedera. Tsitsi la imvi lotulukira m'mbali mwa duku ndiona ngati wulu wotuwa womasula angachite.

Oda iyi ikachoka ndikufuna kubwerera ku zidole zonse zimene ndinagulitsa za katoni, eni ake akalola, ndizisinthe m'kamwa. Ndikufunanso gulu lonse la m'nthano, Kalulu, Fulu, Njovu ndi Fisi watsopano, lokwana m'chikwama chimodzi choti mphunzitsi n'kukwera nacho minibasi. Ndipo maganizo a chidole chachikulu choyenda sakundichoka. Handspring Puppet Company ya ku Cape Town inapanga chidole cha mtsikana, Little Amal, wamtali mamita 3.5, amene mu 2021 anayenda kuchokera ku Gaziantep ku Turkey mpaka ku Manchester ku England, munthu ali m'kati pa ndodo zoyendera, ena akugwira manja. Ife tili ndi nsungwi, tili ndi anthu oluka mipando amene amapinda mitengo mmene akufunira. Mvula ikatha ndikakhala nawo pansi ndi chojambula changa, tione ngati chifuwa ndi mapewa zingalukidwe mopepuka moti munthu mmodzi n'kusenza.