Kamphaka kakafika, wodwala amakhala wamkulu

Ntchito yambiri pa chipatala cha ziweto mu Lilongwe muno ndi ya agalu: katemera wa chiwewe, nkhupakupa, mabala olumana pampanda. Amphaka amabwera mwa apo ndi apo, ambiri ali m'thumba kapena m'katoni yomanga ndi chingwe, atakwiya kale. Koma sabata yathayi inandithera pa amphaka a nyumba imodzi ya ku Area 47.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina ndi mwana wawo wamkazi wa ku pulayimale, atanyamula kamphaka kogula kwa anyamata ogulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu. Kanali ka masabata ngati 7, mimba yotupa, nthata zili mbwee. Iwo amafuna katemera. Ine ndinafunsa ngati kunyumba kuli amphaka ena. Anati alipo awiri, wamkazi wazaka 9 ndi wamwamuna wofula wazaka 6, ndipo kamwanako kakhala kakugona nawo pabalaza chifikireni.

"Nanga akuluakuluwo akudya, mayi?"

"Wamwamunayo wangoti ndwii kuseri kwa sofa, adokotala. Koma ndi nsanje chabe, azolowera."

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo amandidetsa nkhawa kuposa nthata. Galu amakonda gulu, mphaka amakonda malo ake. Mukamuona akudzikhula masaya pa mwendo wa mpando, pa chitseko kapena pa miyendo yanu, akusiya fungo lake, ndipo nyumba ikamanunkha iye mtima umakhala pansi. Ndiye tsiku lina mwangotulukira ndi mlendo wa fungo lina, mwamuika pa mbale yomweyo, pa mpando womwewo. Ndinawauza mayiwo kuti ngakhale wamitala salowetsa mkazi wachiwiri m'khitchini ya mkazi wamkulu, amayamba wamumangira yake. Anaseka, koma anamva.

Tinagwirizana kuti kamwanako kakhale m'chipinda chakechake, chitseko chotseka, kwa masabata awiri, ndi mbale yake, madzi ake ndi beseni lake la mchenga lodzithandiziramo. Si za mkangano zokha. Kamphaka ka mumsewu kamabwera ndi chimfine cha amphaka, njoka zam'mimba, nthata, nthawi zina chipere, chomwe chimagwiranso ana a m'nyumba. Ndinakapatsa mankhwala a njoka ndi a nthata oyenera msinkhu wake. Katemera woyamba ndinati kadikire kafike masabata 8 kapena 9, wachiwiri pakadutsa masabata atatu kapena anayi, wa chiwewe pa miyezi itatu. Mkaka wa ng'ombe ndinaletsa, umatsegula amphaka ambiri m'mimba. Ndinawachenjezanso za mankhwala a nkhupakupa a agalu: ena ali ndi permethrin, amene galu samumva koma mphaka amanjenjemera naye mpaka kufa.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse. Agalu a alonda, mbuzi ya ku Chinsapo yolephera kubereka, ndi mphaka wa pagolosale ina ku Kawale amene anafika mochedwa atadya nyambo ya tameki yotchera makoswe. Mwini wake anamuweta kuti azigwira makoswe, n'kutcheranso poizoni m'sitolo momwemo.

Lachinayi dzuwa litapendeka foni inalira, mayi aja. Wamwamuna uja akungolowa ndi kutuluka m'beseni, akunjuta, akulira, koma mchenga uli gwaa, wouma. Amafunsa ngati angamupatseko Panado pang'ono kuti aone mawa. Ndinawauza kuti Panado amapha mphaka, ngakhale kachidutswa, ndipo za mawa aiwale, anyamuke pompo.

Njira ya mkodzo ya mphaka wamwamuna ndi yopapatiza kwambiri. Akakhala ndi nkhawa chikhodzodzo chimatha kutupa, njira ija n'kutsekeka, ndipo mkodzo ukasiya kutuluka impso zimalephera, m'masiku awiri kapena atatu mphaka wapita. Atafika naye, chikhodzodzo chinali cholimba, chodzadza. Tinamugoneka ndi jakisoni, tinalowetsa kapaipi, mkodzo unatuluka wofiira, tinamuika diripi n'kumugoneka pachipatala. Bambo a m'nyumbamo anayang'ana pepala la ndalama nthawi yaitali.

"Zonsezi chifukwa cha mphaka, adokotala?"

"Chifukwa cha amphaka atatu, bambo."

Analipira, ndipo anapempha kuti ndikaone ndekha mmene zilili kunyumba.

Ndinapita Lachisanu. Chitseko chinali chotseka ndithu, koma masana okha. Usiku mtsikana uja amakamvera chisoni kamwana kolira, amakatulutsa n'kukagona nako. Mabeseni analipo awiri, koma akuluakulu aja amagawana limodzi, loikidwa pafupi ndi chitseko cha mlendoyo, ndiye wamwamunayo amaopa kufikako. Lamulo lathu ndi losavuta: beseni limodzi pa mphaka aliyense, n'kuonjezera limodzi lina, m'malo osiyanasiyana. Amphaka atatu, mabeseni anayi. Mchenga wogula m'sitolo ndi wodula, wa kumtsinje wouma bwino umagwira ntchito, bola kuwola zoipa tsiku lililonse.

Mtsikanayo ndiye ndinamupatsa ntchito, chifukwa munthu amene akuswa lamulo ndi amene ali ndi chidwi. Ndinamuonetsa kutenga sokosi yoyera, kupukuta nayo masaya a kamwana, n'kukaisiya pamene wamkulu amagona, kenaka ina kuchokera kwa wamkulu kupita kwa kamwana. Chakudya aziika mbali zonse za chitseko, poyamba patali, n'kumasendeza pang'onopang'ono, kuti fungo la mlendo lizifika pamodzi ndi la usipa. Pambuyo pake azisinthanitsa zipinda kwa kanthawi. Masabata awiri akatha, chitseko chitsegulidwe pang'ono pongokwana diso, n'kuchikhomera ndi mwala. Kukumana kwenikweni kudzakhale kwa mphindi zochepa, wamkulu ali ndi pokwera, pamwamba pa kabati kapena pawindo, pamene kamwana sikangafike.

"Nanga akamalusa?" anafunsa mtsikanayo.

Kuimika ubweya ndi kutulutsa mano si vuto, ndi mmene wamkulu amakauzira kuti katalikire. Osamumenya, osawagwira n'kuwagundanitsa mphuno monga ena amachitira. Zoopsa ndi zitatu: kuthamangitsana mpaka magazi, kulephera kukodza, ndi kusiya kudya. Mphaka wonenepa akakhala masiku angapo osadya, chiwindi chimaonongeka. Ndinaonjezanso kuti ndiwo za anyezi asamawapatse. Ena amazolowerana m'masabata ochepa, ena miyezi, ndipo wamkazi wazaka 9 uja sindikuyembekeza kuti adzasewera ndi kamwanako. Akamadzadutsana pakhonde osalusirana, kwa ine zakwana.

Loweruka wamwamunayo anakodza yekha, tinamutulutsa ndi malangizo a chakudya chonyowa ndi madzi m'mbale zingapo. Mayiwo ananena kuti mnzawo wa kutchalitchi akufunanso kamphaka, ndinati ayambe wakafunsa ku LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto mu Lilongwe muno, kumene kumakhala amphaka osowa kwawo, m'malo mogula pamsewu. Kamwanako ndi kakakazi, ndiye tinalemberatu tsiku la opaleshoni yotseka kubereka. Mphaka amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, bere lake ndi la masabata 9, ndipo amphongo a ku Area 47 mpanda wa njerwa suwaletsa.