Lipoti la Ulendo wa Achinyamata Wokachitira Umboni ku Mvera

Tinanyamuka ku Lilongwe Lachisanu masana, anthu 28 m'basi imodzi, kudzera msewu wa ku Salima. Tinatenga ufa, nyemba, mphasa, zokuzira mawu ndi jenereta. Mafuta a jenereta tinatenga malita asanu okha, ndipo anatithera Loweruka usiku kwaya ili pakati pa nyimbo. Odzapita ulendo wina atenge malita khumi.

Abale a ku Mvera anayamba kutionetsa malo. Apa ndi pamene Andrew Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikitsa mishoni mu 1889, likulu lisanasamukire ku Nkhoma, ndipo paphiri la Kaso ndi pamene William Murray ndi anzake ankamasulira Buku Lopatulika lomwe timawerengali.

Phunziro lenileni linali Loweruka m'mawa. Mkulu wampingo wa kumeneko anatiimitsa mmodzimmodzi kuti tichitire umboni, mphindi zitatu basi, wotchi ili patebulo. Umboni ukhale ndi zigawo zitatu: mmene ndinalili, mmene Uthenga unandipezera, ndi chimene chasintha. Ambiri tinathera nthawi yonse pa chigawo choyamba. Munthu amafotokoza za mowa ndi ndewu mokoma, omvera n'kumaseka, nthawi n'kutha Yesu asanatchulidwe. Ena amatchula mayina a anthu amene anachimwa nawo, zomwe zingathe kupasula banja la mwini m'mudzimo. Koma cholakwa chimene mkuluyo anachikana kwambiri ndi chija timachimva kawirikawiri: "Ndinasala kudya masiku 21, ndiye Mulungu anandiyankha." Anatitsegulitsa Aefeso 2:8-9 n'kufunsa kuti, "Ana anga, pamenepa mwatama ndani?" Chipulumutso ndi mphatso, sichili ngati malipiro a ganyu. Wosauka amene sanasale, sanapereke chakhumi, akamva umboni wotere amangoti izi si zanga. N'chimodzimodzi umboni wongonena za ntchito kapena galimoto. Kuthokoza n'kwabwino, koma umenewo si umboni wa chipulumutso.

Masana tinalowa m'midzi awiriawiri, aliyense ndi mnzake wa komweko wodziwa njira. Amfumu anali atadziwitsidwa kale, ndipo zimenezi zisamaiwalike. Pakhomo mumaodira, mudikire mpando kapena mphasa, moni athe, kenako mupemphe nthawi. Dera lino ndi la gule wamkulu, choncho tinalangizidwa kusanyoza mwambo wa eni mudzi. Ukayamba ndi chipongwe sakumvanso. Mtsikana asalowe yekha m'nyumba ya munthu wamwamuna.

Tinafika makomo 46. Anthu 11 anapempha kuyamba kalasi ya ofuna kulowa mpingo, ndipo mayina awo tinasiya kwa akulu ampingo a kumeneko, poti ndiwo adzawayendere. Vuto lina linali la Mabaibulo: tinatenga asanu ndi limodzi okha, pomwe ofuna anali ochuluka.

Achinyamata a ku Mvera adzabweza ulendowu tikakolola. Komiti ikupempha banja lililonse likonzeke kulandira alendo awiri.