Sabata yokhoma denga pa laibulale ya ku Kanyama

Anandilemba ntchito yoyang'anira laibulale, koma laibulale yakeyo ikumangidwabe. Ndiye pakali pano ndine wowerenga matumba a simenti, wosunga malisiti, wolemba malipoti opita kwa otithandiza, ndipo madzulo ndimasankha mabuku m'kachipinda kamene tchalitchi china chinatibwereka. Tikumanga ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka ku Zambia, ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino, ena akunja, ena a mu Lusaka momwemuno. Uno ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo denga liyenera kutha mvula ya Novembala isanayambe.

Lolemba tinalawirira ku msika wa Buseko kukagula matabwa. A kapitawo athu sagula thabwa asanalinyamule. Likalemera kwambiri amati n'laliwisi, likadzauma lidzapindika n'kukoka malata. Tinabwerera ndi ochepa kusiyana ndi amene tinkafuna, koma ouma, ndipo masana anyamata anawapaka mankhwala a chiswe.

Tsiku lovuta linali Lachiwiri, tsiku loyankhula pa foni ndi otithandiza. Amene sanagwirepo ntchito ya mtunduwu amaganiza kuti ndalama zachifundo zimabwera m'thumba limodzi, inu n'kumatapamo. Ayi. Iliyonse imabwera ndi dzina lake. Banja lina linapereka za denga. Gulu lina linasonkha za mashelefu, ndipo likufuna kachikwangwani kosonyeza zimenezo. Kampani ina ya m'tauni muno inalonjeza penti. Za chimbudzi palibe anapereka. Ndani angafune dzina la agogo ake likhomedwe pachitseko cha chimbudzi?

Komatu ku Kanyama chimbudzi si nkhani yaing'ono. Mukakumba pang'ono mwafika pathanthwe, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikalimba madzi amasowa kolowera, amadzaza m'misewu ndi m'mabwalo, zimbudzi zokumba zimasefukira, zonyansa n'kulowa m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo. Kolera imayambira pamenepo. Aliyense kuno akukumbukira Januwale wa 2024, pamene masukulu anakhala otseka mpaka Febuluwale ndipo odwala ankagonekedwa ku bwalo la masewera la Heroes Stadium. Ine sindingasonkhanitse ana m'nyumba imodzi tsiku lonse popanda chimbudzi chomangira simenti m'kati, chokwera pamwamba, chokhala ndi posamba m'manja. Kuswa thanthwelo kokha kukufuna makina obwereka, ndipo makinawo amalipitsa pa tsiku.

Ndinapempha kuti titengeko pa ndalama za mashelefu, popeza mabuku angathe kudikira m'makatoni. Anayankha mwaulemu kuti sangasunthe ngwee ngakhale imodzi popanda kalata yochokera kwa eni mphatsoyo. Sindiwadzudzula kwenikweni. Lamuloli n'lomwe limateteza ndalama kuti zisathere m'matumba a anthu, ndipo m'makomboni muno taona nyumba zambiri zoima pamawindo, udzu utamera m'kati. Chimene chimandipweteka n'chakuti bajeti inalembedwa ndi munthu amene sanaponde Kanyama mu Febuluwale. Nkhondo yomweyi tinaimenya pamaziko, pamene a kapitawo anaumirira kuti silabu ikwere kuposa mmene pulani inanenera. Anapambana, ndipo n'chifukwa chake lero polowa m'nyumbayi mumakwera masitepe.

Lachitatu magetsi anapita m'mawa, owotcherera mafelemu a mawindo n'kukhala manja lende. Ine ndinapita kumakatoni. Katoni yoyamba inali ya mabuku a malamulo a msonkho a dziko lina, yachiwiri yophunzitsa kompyuta zimene zinasiya kupangidwa kalekale. M'katoni ina munali buku lokhuthala lonunkha chinyezi, masamba atamatirirana, pachikuto pali chidindo cha sukulu yakunja chosonyeza kuti eni ake analichotsa pashelefu. Munthu analipira sitima ndi lole kuti buku lotayidwa lifike ku Kanyama. Zabwino zinalimonso, makamaka mabuku a zithunzi a ana aang'ono, olimba zikuto, oti angapirire manja ambiri. Pamenepa mpamene ndimayamikira mabungwe ngati Book Aid International, amene amatumiza mabuku atsopano ochokera kwa osindikiza, osati zotsala m'nyumba za anthu.

Mulu wa mabuku a Chinyanja ndi umene umandimvetsa chisoni, chifukwa ndingathe kuunyamula ndi dzanja limodzi. Mu 2014 ana a m'masukulu a boma mu Lusaka anayamba kuphunzitsidwa m'Chinyanja m'magiredi oyambirira, chimodzi mwa zinenero 7 zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'masukulu. Mwana wodziwa kulumikiza zilembo m'chinenero chake amafunika nkhani zambiri zoti aziwerenga mpaka lilime litazolowera, ndipo kunyumba alibe ngakhale imodzi. Mabuku oterewa sabwera m'makatoni a kunja. Amagulidwa konkuno ndi ndalama, ndipo m'bajeti mulibe mzere wake, poti pepala limasonyeza kuti mabuku tinapatsidwa kale ochuluka.

Lachinayi ndinakwera minibasi kupita ku komboni ya Garden kukaona laibulale ya Ngwerere, ya bungwe la Lubuto. Iwo anatsegula yoyamba mu 2007 ku Fountain of Hope, malo osamalira ana a mumsewu ku Kamwala, ndipo ya ku Garden inatsatira mu 2010. Nyumba zake n'zozungulira, zofolera udzu, zoti mwana wa mumsewu saopa kulowamo. Ine ndinapitira kukaona mmene amaikira mabuku a ana, ndipo ndinabwerako nditasintha maganizo pa mashelefu athu. Pulani yathu ili ndi mashelefu aatali ngati a ku yunivesite. Ndawauza akalipentala kuti a mbali ya ana akhale ofika m'chiuno, ndipo mabuku aziyang'ana kutsogolo kuti chikuto chizioneka.

Msonkhano wa komiti ya laibulale unali Lachisanu, pansi pa denga losathalo. Tinagwirizana zokapempha ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, kudzera ku komiti ya chitukuko ya wodi. Thumba limeneli linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, koma olifuna ndi ambiri: madesiki, zipatala, ngalande. Tinalemba chimbudzi poyamba, sola pachiwiri. Kenako amayi a tcheya, amene amagulitsa makala ndipo salankhula kawirikawiri, anandifunsa nthawi yotsegulira. Ndinati masana, ana akaweruka.

"Mwanawe, amene amapita kusukulu masana aziwerenga liti?" anatero. "M'mawa amangozungulira pamsika."

Ananena zoona. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi anadzaza, ndipo masukulu ambiri a m'makomboni amagawa ana, ena m'mawa, ena masana. Ndiye kuti laibulale izitsegulidwa tsiku lonse, ndipo munthu mmodzi sangakwanitse. Malipiro anga omwe otithandiza analonjeza a chaka choyamba chokha. Abambo ena anati tizilipitsa akuluakulu odzatchaja mafoni sola ikabwera, ena anati tizibwereketsa chipinda kwa magulu a chilimba, osonkherana ndalama mosinthana. Tinakangana mpaka mdima, osamanga mfundo, kupatula yakuti mwana sadzalipira kanthu pakhomo.

Loweruka malata anakwera mbali ya kum'mawa yonse, ndipo ndinalipira amisiri ndi amayi otigulitsa miyala yophwanya. Madzulo kunabwera uthenga wakuti a gulu la mashelefu avomera kuti gawo la ndalama zawo lipite kuchimbudzi, bola kachikwangwani kawo kakhalebe m'chipinda chowerengera. Ndawalonjeza kuti kadzakhala pamalo poonekera. Makina oswera thanthwe tawaitanitsa Lolemba, ndipo a kapitawo akuti akufuna matumba ena a simenti ya ku Chilanga asanayambe kumanga dzenje.