Makina amodzi, mayankho atatu

Masabata awiri apitawa ndakhala ndikulimbana ndi asainimenti yoyerekeza kuchuluka kwa mpweya woipa wa NOx (nayitrojeni wolumikizana ndi okosijeni) umene ma turbine (makina ozungulira opangira mphamvu) a gasi a m'mafakitale a dziko lonse amatulutsa pachaka. Poyamba ndinanyinyirika. Magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye za turbine ya gasi zikundikhudza pati ine wogona ku Chikanda? Mnzanga ndiye anandikumbutsa kuti pa Tanzania pompa makinawa alipo, ku Ubungo ndi ku Kinyerezi, ndipo amayendera gasi wa m'dziko lawo lomwelo.

Chinandizunguza mutu choyamba n'chakuti nayitrojeni wopanga NOx ameneyu sachokera kwenikweni mu gasi. Amachokera mu mpweya womwe timapumawu, umene 78 peresenti yake ndi nayitrojeni. Moto wa m'makina ukatentha kupyola madigiri Celsius pafupifupi 1,500, nayitrojeni uja amalumikizana ndi okosijeni. Zimenezi anazifotokoza wasayansi wina dzina lake Zeldovich mu 1946. Choncho makina awiri otentha gasi wofanana atha kutulutsa NOx wosiyana kutalitali, malinga ndi mmene moto wake ukuyakira.

Masamu ake ndi a pulayimale: mphamvu ya mafuta amene atenthedwa, kuchulukitsa ndi emission factor, nambala yosonyeza NOx amene amatuluka pa muyezo uliwonse wa mphamvuyo. Nkhani yagona pa factor-yo. M'buku la AP-42 la bungwe loona za chilengedwe la ku America, EPA, turbine ya gasi yopanda chochepetsera NOx anailembera 0.32 lb/MMBtu pa miyezo ya ku America, omwe ndi magalamu pafupifupi 138 pa GJ (gigajoule, muyezo wa mphamvu). Yosakaniza gasi ndi mpweya wambiri moto usanayake, ija amati lean premix, ndi 0.099, kapena kuti magalamu 43. Ikamayendera dizilo popanda chochepetsera, nambala imalumpha kufika 0.88, magalamu 378.

Ndinayerekeza makina amodzi otentha mafuta okwana 2 miliyoni GJ pachaka. Ndinapeza matani 86 pa lean premix, matani 276 pa gasi popanda chochepetsera ndi matani 756 pa dizilo. Makina amodzi omwewo! Ndinayang'ana pepalalo nthawi yaitali mpaka tiyi kuzizira. Nanga zikakhala za dziko lonse, pamene makina ena ndi akale, ena atsopano, ena amathira madzi kapena nthunzi pamoto kuti usatenthetse, ungangotenga nambala imodzi n'kumwaza pa onse?

Pali pena pamene ndinapunthwa ndekha, ndipo ndikuulula kuti wina asapunthwenso pomwepo. Mphamvu ya mafuta ndinaiwerengera pa net calorific value, yosawerengera kutentha kopita ndi nthunzi ya mu utsi, pomwe ma factor a AP-42 amayendera gross, yowerengera kutentha konse. Pa gasi, ziwirizi zimasiyana pafupifupi 10 peresenti, ndiye yankho langa linatsika popanda ine kudziwa. Kenako ndinaiwala kuti NOx amalembedwa ngati kulemera kwa NO2, ngakhale kuti wambiri wotuluka mu chumuni ndi NO. Kulemera kwa molekyulu ya NO2 ndi 46, kwa NO ndi 30. Kusiyana kumeneko si kwamasewera. 

Chimene chikundisowetsabe mtendere ndi katundu amene makina asenza. Ma factor aja ndi a turbine imene ikugwira ntchito pa 80 peresenti ya mphamvu zake kapena kuposa. Koma ya pafakitale siyenda choncho tsiku lonse, ndipo ya lean premix ikatsika kwambiri imasintha kayakidwe ka moto, NOx n'kukwera. Kwa ine, lipoti longotchula nambala imodzi osanena mtundu wa makina, mafuta ake ndi maola amene anagwira ntchito, n'lokayikitsa ngakhale litalembedwa mokongola bwanji.

Ndinakapereka mayankho onse atatu, lililonse ndi zifukwa zake. Aphunzitsi anawerenga nandifunsa kuti, "Nanga lenileni ndi liti?" Ndinati, "Bambo, mundiuze kaye kuti makinawo ndi amtundu wanji." Anangomwetulira n'kundiuza kuti pofika Lachisanu ndibweretse mndandanda wa ma turbine a dziko limodzi, iliyonse ndi mafuta amene imayendera. Ndasankha Tanzania, ndipo ndayambira pa Kinyerezi.