Mmene tinawerengera anthu apagombe pathu tisanalembe malamulo a BVC

Kwa inu amene muli mu BVC (Beach Village Committee, komiti ya m'mudzi yoyang'anira usodzi pagombe) kapena mukuthandiza mudzi kulemba pulani yosamalira nyanja, ndikuuzeni mmene ife tinayendera kuno ku Mangochi, mwina mungapulumutseko ya thiransipoti.

Tinayamba ndi chiwerengero cha anthu. Ichi nchosavuta, kalembera wa 2018 wa National Statistical Office ya ku Zomba anapeza kuti dziko lonse tinalipo 17.5 miliyoni, Mangochi yokha kupitirira miliyoni imodzi, ndipo manambalawo anawagawa mpaka pa T/A. Kukhonsolo kulinso chibuku chija amati Socio-Economic Profile, mupemphe kwa a zamapulani, muli za sukulu, mijigo, misika ndi zina zotero.

Koma kalembera uja anachitika mu Sepitembala ndipo amalemba anthu m'makomo, pomwe msodzi amatsata usipa, lero ali pano mawa ali ku Makanjira kapena ku Salima, ndiye mwezi ukalowa mdima nyali za chilimira zili ngwee panyanja gombe limadzaza ndi nkhope zoti simunazionepo, mwera ukawomba onse balala. Nambala ya kalembera ndi ya mudzi, si ya anthu odya za m'nyanja ayi.

Ndiye tinapita kwa alangizi a za nsomba. Iwowa ali ndi kaundula wawo, amati frame survey, amawerenga mabwato, maboti a injini, maukonde monga chilimira, nkacha ndi matchera, eni zida ndi alovi (asodzi ogwira ntchito pa zida za eni). Zothandiza kwambiri, makamaka mukaika zaka zingapo pamodzi, mumaona nokha kuti zida zikuchuluka pomwe chambo chinachepa kalekale, wochuluka ndi usipa.

Ntchito yeniyeni inali yathu yomwe, kope ndi bolopeni. Tinkafika m'mamawa maboti akukocheza nkumalemba aliyense amene ndalama yake imachokera pa nsomba ija ngakhale sakwera bwato. Amayi ogula pachigoba, oyanika pathandala, ofutsa, okazinga, anyamata onyamula mabeseni, ogulitsa nkhuni zootchera, akabaza, mpaka mayi wa tiyi ndi mandasi. Mafunso anali ochepa, kwanu nkuti, pakhomo mulipo angati, munda muli nawo, nanga akatseka nyanja mumadya chani. Za phindu musafunse pagulu, akunamizani, amaganiza kuti ndinu a msonkho kapena mwabwera ndi thandizo. Ife tinkangofunsa mtengo wa chigoba m'mawa ndi masana, kenako kufunsa ogulitsa kuti ku Limbe kapena ku Lilongwe akakafika chimapita pa zingati. Ndipo mupite ndi munthu wa amfumu, apo ayi palibe akuyankheni.

Titaziika zonse mu Excel pa laputopu ya aphunzitsi ena ake, chinaoneka nchoti amene amakoka neti ya udzudzu m'mbali mwa bango nyengo yotseka ya Novembala ndi Disembala ambiri ndi mabanja opanda munda, obwera, komanso amayi olera okha ana. Kutsekako kumagwera nthawi yomwe chimanga chayamba kukwera mtengo. Ine pamenepo ndinasiya kukhulupirira zoti chindapusa chokha chingathetse nkhaniyi.

Pamsonkhano wina anatchula za ku Mbenje ku Salima, komwe mfumu yaikulu Makanjira ya kumeneko yakhala ikutseka chilumba nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950 ndipo anthu amamvera. Zoona, koma kuja nchilumba, akatseka aliyense amachoka. Kwathu anthu amagona pagombe pompo.

Ndiye m'malamulo athu tinaikamo zoti mlendo aliyense wobwera ndi zida azilembetsa kwa mlembi wa BVC, magulu a banki mkhonde azigawana ndalama nyanja ikatsala pang'ono kutsekedwa, komanso malo odzala mitengo chifukwa nkhuni zootchera zikutha phiri. Lamulo la za nsomba la 1997 limalola midzi kutenga nawo mbali, komabe pepala lanu lidutse kwa amfumu, ku VDC ndi ku ADC (makomiti a chitukuko a kwa gulupu ndi a kwa T/A) lisanafike kukhonsolo, ndipo mukhale ndi makope anuanu. Lathu lili kukhonsolo panopa, kope lowerengera lija tibwerezanso nthawi ya mwera kuti tione otsala pagombe ndi ndani.